Mmene mungapezere ndalama zophunzirira masters ya Economics muli kuno ku Mzuzu

Mwezi wa Okutobala ukangofika, foni yanga sikhala chete. Ana a anzanga a kutchalitchi, achinyamata amene ndinagwirapo nawo ntchito, ena ongopatsidwa nambala yanga ndi achibale awo, onse funso ndi limodzi: "Achimwene, kodi pali sikolashipu ya masters ya Economics imene yatsegulidwa?" Ambiri amafunsa kutatsala masabata awiri kuti mafomu atsekedwe. Ndimawathandiza mmene ndingathere, koma mumtima ndimadziwa kuti anayenera kubwera chaka chatha. Opereka ndalama alipo ndithu, ndipo ambiri mwa iwo maphunziro a zachuma amawalandira chifukwa amakhudza chitukuko. Chimene chimatigwetsa n'chakuti zimene amafuna sizipezeka m'masabata awiri, makamaka kwa ife a kuno kumpoto, amene mapepala ambiri ofunika timawatsatira ku Lilongwe kapena ku Zomba, ulendo wodya tsiku lathunthu ndi ndalama ya basi.

Choncho malangizo awa ndawandandalika motsatira nthawi. Muwawerenge ngati munthu amene akufuna kukayamba sukulu chaka ndi theka kuchokera lero.

Yambani ndi funso, dziko mudzasankha pambuyo

Ndikafunsa munthu kuti akufuna kukaphunzira chiyani, kawirikawiri amati, "Chilichonse, bola kunja." Ndikumvetsa kumene yankho limeneli limachokera, malipiro ndi ochepa ndipo zinthu zakwera, koma pa fomu silingakufikitseni kulikonse. Economics ili ndi nthambi zambiri. Pali development economics yoona za chitukuko ndi umphawi, agricultural economics yoona za ulimi ndi misika ya mbewu, health economics, za misonkho ndi bajeti ya boma, za ndalama ndi mabanki, za chilengedwe. Wopereka sikolashipu aliyense ali ndi nthambi imene amaikonda, koma onse amafuna kumva chinthu chimodzi: ndi vuto liti la kwanu limene masters imeneyi idzakuthandizani kulimvetsa kapena kulikonza?

Apa ife a kumpoto tili ndi chuma chimene sitichiona, chifukwa mafunso ali pakhomo pathu penipeni. Mlimi wa khofi wa ku Misuku amene ali mu kopaletivi, kodi amapindula kuposa mnzake amene amagulitsa yekha? Katundu wambiri wa mu msika wa Mataifa amadutsa pa Songwe; nanga kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amayi amene amakaoda ku Tanzania zinawathera bwanji? Ndalama zimene ana a ku Mzimba ndi Nkhata Bay amatumiza kuchokera ku Joni zimathera pa malata, pa fizi kapena pa feteleza? Nkhalango ya Chikangawa inapindulira ndani? Mnyamata wa kabaza wa ku Chibavi amene njinga ndi ya bwana wake amatsala ndi zingati dzuwa likamalowa? Munthu wa pa yunivesite ya ku London kapena ya ku Göttingen ku Germany amene akuwerenga mafomu mazanamazana onena za "kuthetsa umphawi mu Africa" amaima akakumana ndi munthu wodziwa mtengo wa mpunga wa Kilombero ku Karonga ndi mtengo wake ukafika ku Zigwagwa, amene akufuna kudziwa kuti kusiyana kwakeko kumalowa m'thumba la ndani.

Sankhani funso limodzi. Mukadzafika kusukulu mukhoza kulisintha, palibe adzakumangeni. Koma pakali pano ndilo lidzakuuzani sukulu yoyenera, sikolashipu yoyenera ndi zoti mulembe.

Dziyeseni moona mtima

Pali zinthu zitatu zimene osankha ophunzira amayang'ana asanawerenge nkhani yanu: giredi ya digiri yoyamba, masamu, ndi zaka zimene mwagwira ntchito.

Pa giredi, ambiri amafuna upper second class kapena credit yolimba. Koma pali msampha umene anthu ambiri amauzindikira mochedwa. Mayunivesite ena a ku UK saona digiri yathu ya zaka zinayi ngati yofanana ndi yawo, pamene ena amailandira bwinobwino. Pafupifupi yunivesite iliyonse ili ndi tsamba lofotokoza zimene imafuna kwa ophunzira ochokera ku dziko lililonse. Fufuzani tsamba la Malawi musanawononge nthawi pa sukuluyo, ndipo ngati silikumveka alembereni imelo a admissions, mutumize transcript yanu, muwafunse mwachindunji. Safunsa anadya phula. Ku South Africa nako, masters imabwera pambuyo pa Honours, ndipo digiri yakunja imayamba yayesedwa ndi bungwe la SAQA. Zimachitika kuti munthu wochokera kuno amauzidwa kuti ayambe wachita Honours chaka chimodzi. Si chitonzo, ndi mmene dongosolo lawo lilili, ndipo pali masikolashipu amene amalipira Honours yomweyo.

Pa masamu ndikufuna ndichedwepo, chifukwa ndipamene ambiri amavutika ngakhale atapeza kale ndalama. Masters ya Economics si digiri yoyamba yowonjezera mabuku. Microeconomics, macroeconomics ndi econometrics zonse zimaphunzitsidwa m'chilankhulo cha calculus, matrix algebra ndi statistics. Osankha ophunzira amayang'ana magiredi anu a maphunziro amenewa kuposa ena onse. Ngati munachita digiri ya uphunzitsi, ya zankhalango, ya zamalo kapena ya bizinesi, ndipo masamu munakumana nawo pang'ono, musadzinamize, komanso musataye mtima. Yunivesite ya MIT ili ndi pulogalamu ya pa intaneti ya MicroMasters yotchedwa DEDP, yoona za data ndi chuma cha chitukuko, imene mtengo wa mayeso ake umatengera ndalama zimene munthu amapeza. Kukhoza kosi imodzi kapena awiri a kumeneko kumaonetsa kuti mukhoza kupirira. Phunziraninso pulogalamu ya pa kompyuta yosanthulira data: R, ndi yaulere, kapena Stata ngati kuntchito kwanu ilipo. Ndipo musaphunzire ndi manambala ongopeka: kafukufuku wa Integrated Household Survey wa National Statistical Office, monga IHS5 ya 2019/20, amapezeka kwaulere pa tsamba la microdata la World Bank mukangolembetsa. Tengani data imeneyo, muyankhe kachidutswa ka funso lanu lija, mulembe masamba asanu. Masamba asanu amenewo adzakuthandizani pa fomu, pa intavyu ndi pamaso pa malekichara amene mudzawapemphe makalata.

Pa zaka za ntchito, Chevening, sikolashipu ya boma la UK, imafuna zaka ziwiri, zimene amaziwerengera ngati maola 2,800. Mapulogalamu okhudza chitukuko a DAAD, bungwe la masikolashipu la ku Germany, amafunanso zaka ziwiri. Sikolashipu ya Japan ndi World Bank imafuna zaka zitatu pa ntchito yokhudza chitukuko. Ngati mwangomaliza kumene, zaka zimenezi si zodikira mutapinda manja. Uinumaleta (ntchito yofunsa anthu mafunso) pa kafukufuku, internship ku khonsolo ya mzinda, kusunga mabuku a SACCO kapena kopaletivi, zonsezi ndi ntchito, bola mukhale ndi kalata yosonyeza tsiku limene munayamba, limene munamaliza ndi zimene munkachita. Kalatayo muzitenga pochoka pomwepo, chifukwa mapulojekiti amatha ndipo amene angakusainireni amabalalika.

Mapepala, lero lomwe

Ine ndinataya chaka chathunthu chifukwa cha transcript. Ndinakaipempha kutatsala masabata atatu, poganiza kuti ndi nkhani ya tsiku limodzi. Wosaina anali atachokapo, ndipo pepalalo linatuluka patatha masiku anayi mafomu atatsekedwa. Zinandipweteka kwambiri chifukwa zina zonse zinali zokonzeka. Kuyambira pamenepo aliyense ndimamuuza kuti transcript ndi satifiketi ndiye zoyamba, ngakhale asanadziwe kumene adzafunsire malo. Ngati muli ndi ngongole ya fizi kusukulu yanu yakale, kaikonzeni, chifukwa sukulu zambiri sizitulutsa mapepala a munthu amene sanamalize kulipira.

Mukazipeza, jambulani makope angapo, mukadinditse kwa Commissioner for Oaths, kenako muzisikane bwino pa makina, osati kujambula ndi foni pa tebulo la nsima. Sungani makope ake mu imelo yanu ndi pa Google Drive. Onetsetsani kuti dzina lalembedwa mofanana pa satifiketi ya MSCE, pa digiri, pa chiphaso cha unzika ndi pa pasipoti. Ambiri a ife tili ndi dzina lapakati limene limaoneka pa pepala lina n'kusowa pa lina, kapena chilembo chimodzi chosiyana, ndipo zimenezi zimafuna affidavit. Pasipoti mukhoza kuyamba kuifunsira ku ofesi ya Immigration ya konkuno ku Mzuzu, koma musadikire kalata ya sikolashipu, chifukwa mafomu ambiri amafunsa nambala yake koyambirira.

Kenako mayeso a Chingelezi. Inde, tinaphunzira m'Chingelezi kuyambira ku pulayimale, koma mayunivesite ambiri akunja amafunabe IELTS kapena TOEFL, ndipo pa IELTS ambiri amafuna 6.5 kapena kuposa. Ena amalandira kalata yochokera kwa registrar yonena kuti digiri yanu inaphunzitsidwa m'Chingelezi; pemphani kalata imeneyi tsiku lomwe mukupempha transcript, kuti ulendo ukhale umodzi. IELTS imalembedwa kudzera ku British Council ku Lilongwe, ndi yodula, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. Musailembe osakonzekera. Gawo la kulemba ndi limene limagwetsa anthu odziwa bwino Chingelezi, chifukwa cha nthawi.

Kumene kuli ndalama: yambani pafupi

Ndikudziwa kuti mtima uli kunja, koma ndiloleni ndiyambe ndi Zomba. Dipatimenti ya Economics ya University of Malawi ndi imodzi mwa madipatimenti amene amaphunzitsa masters mogwirizana ndi African Economic Research Consortium (AERC), bungwe limene likulu lake lili ku Nairobi ndipo linakhazikitsidwa mu 1988. Mu pulogalamu imeneyi, imene amaitchula kuti CMAP, ophunzira amachita makosi akuluakulu pa yunivesite yawo, kenako makosi osankha amaphunzira limodzi ndi anzawo a m'mayiko ena a mu Africa, ophunzitsa ake ochokera kumayunivesite osiyanasiyana. Kwa okonda za ulimi, AERC yomweyo ili ndi pulogalamu ina, CMAAE, imene LUANAR ku Bunda imachita nawo, ndipo gawo lake lophunzira pamodzi lakhala likuchitikira ku University of Pretoria. AERC imapereka chithandizo kwa ena mwa ophunzira a mapulogalamu amenewa, ndipo njira yake imadutsa ku dipatimenti. Choncho lemberani mkulu wa dipatimenti kapena woyang'anira maphunziro a masters, mufunse nthawi imene amalandira mafomu ndi thandizo limene lilipo chaka chimenecho.

Ndimalimbikira njira imeneyi pa zifukwa ziwiri. Ndi masters yolimba pa theory ndi econometrics, yokonzekeretsa munthu PhD, ndipo akatswiri ambiri a zachuma a m'dziko muno anadutsa momwemo. Chachiwiri, kwa amene digiri yawo yoyamba yakanidwa kunja, masters ya kuno imatsegula makomo amene anali otseka.

Pali ndalama ina imene silengezedwa mokweza: ya mapulojekiti a kafukufuku. Mphunzitsi akapeza thandizo la kafukufuku, nthawi zambiri mumakhala malo a ophunzira a masters mmodzi kapena awiri. Ku Bunda zoterezi zimabwera kudzera m'mabungwe monga RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa za ulimi. Malo amenewa amapita kwa munthu amene mphunzitsiyo amamudziwa kuti amagwira ntchito. N'chifukwa chake uinumaleta uja ndi masamba asanu aja ndi zofunika. Tsatiraninso zolengeza za ECAMA, bungwe la akatswiri a zachuma a m'dziko muno, ndi za mabungwe a kafukufuku wa zaulimi, MwAPATA Institute ndi IFPRI. Kumisonkhano yawo ndi kumene mumamva za mwayi usanafike pa WhatsApp.

Ngati muli pa ntchito, funsani abwana anu za ndondomeko ya maphunziro. Mabanki, mabungwe a boma ndi ma NGO ena amalipira fizi yonse kapena theka, posinthana ndi bondi yoti mudzagwire zaka zingapo mukamaliza. Ogwira ntchito m'boma adziwe kuti masikolashipu ambiri ochokera ku maboma ena amadutsa ku Department of Human Resource Management and Development, ndipo makalata ake amachedwa kufika ku maofesi a kuno. Khalani ndi mnzanu ku Capital Hill amene angakutsineni khutu. Ngongole za Loans Board musaziwerengere, zimathandiza makamaka a digiri yoyamba. Ndipo ngati mwasankha kudzilipirira pang'onopang'ono pa sukulu ya kuno yophunzitsa kumapeto kwa sabata, yambani mwaona ngati pulogalamuyo ndi yovomerezeka ndi NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba m'dziko muno.

Akunja

Ku UK kuli makomo angapo. Chevening imalipira masters ya chaka chimodzi, fizi, ndege ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi. Mumasankha makosi atatu, mumafunsira malo nokha kumayunivesitewo, ndipo mukamaliza muyenera kubwerera kuno ku Malawi kwa zaka zosachepera ziwiri. Imafuna atsogoleri, choncho imayang'ana kwambiri zimene mwachita pakati pa anthu. Commonwealth ili ndi mitundu itatu yokukhudzani: ya Master's imene imadutsa ku bungwe losankha la m'dziko muno, ya Shared imene yunivesite yomwe ndiyo imakusankhani pa makosi osankhidwiratu, ndi ya Distance Learning yophunzira muli pakhomo, imene ndi yabwino kwa mayi kapena bambo amene sangasiye banja ndi ntchito. Beit Trust ndiyo ambiri saidziwa, chonsecho ndi ya mayiko atatu okha, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo imatumiza anthu ku UK ndi ku South Africa.  Kwa amene anakhoza mwapamwamba zedi ndipo ndi aang'ono, Amalawi amaloledwa kupikisana pa Rhodes ya ku Oxford m'gulu la kummwera kwa Africa.

Ku South Africa kuli Mandela Rhodes, ya achinyamata a mu Africa osapitirira zaka 29, imene imalipira Honours kapena masters. Kuli Canon Collins Trust. Kuli Mastercard Foundation Scholars Program pa mayunivesite monga Cape Town ndi Pretoria. Ku Germany, DAAD ili ndi mndandanda wa makosi okhudza chitukuko ophunzitsidwa m'Chingelezi, ndipo kwa inu ofunika kuwaona ndi Development Economics ya ku Göttingen, International and Development Economics ya ku HTW Berlin ndi Agricultural Economics ya ku Hohenheim. Ya Japan ndi World Bank imalipira makosi okhawo amene ali pa mndandanda wawo wa chaka chimenecho, ndipo muyenera kukhala mutapatsidwa kale malo. Ofesi za akazembe a Ireland ndi Japan ku Lilongwe nazo zimalengeza masikolashipu a maboma awo. Erasmus Mundus ya European Union ili ndi makosi a zachuma ophunzirira m'mayiko awiri kapena atatu.

Musafunsire onsewa. Sankhani anayi kapena asanu amene akugwirizana ndi funso lanu, giredi yanu ndi zaka zanu, muphatikizepo imodzi ya kuno. Fomu imodzi yolembedwa bwino imadya masabata.

Lembani kalendala, muipachike pakhoma

Sukulu za ku Ulaya zimatsegulira mu Seputembala kapena Okutobala, koma mafomu a ndalama zake amatsekedwa pafupifupi chaka chathunthu zisanatsegulidwe. Chevening imatsegula cha mu Ogasiti n'kutseka pakati pa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala. Commonwealth Master's imagwera nyengo yomweyo, ya Shared imatsatira kumapeto kwa chaka. Makosi a DAAD lililonse lili ndi tsiku lake, ambiri kuyambira Ogasiti kupita m'tsogolo. Erasmus Mundus yambiri imatseka cha mu Januwale. Ya World Bank imatsegulidwa m'miyezi yoyambirira ya chaka. Ku South Africa sukulu imayamba mu Febuluwale, ndipo Mandela Rhodes imalandira mafomu cha mu Malichi ndi Epulo, kutatsala pafupifupi chaka kuti sukuluyo iyambe. Masiku enieni amasintha chaka ndi chaka, choncho muwatenge pa matsamba a eni ake, osati pa mapositala oyenda m'magulu a WhatsApp.

Pa kalendala yanuyo tsiku lotsekera mulibweze m'mbuyo ndi sabata imodzi. Magetsi amathima, netiweki imagwa, bandulo imatha usiku, ndipo pa tsiku lomaliza dziko lonse lapansi limakhala likukanikizana pa tsamba limodzi. Onaninso ola lotsekera, chifukwa limakhala la kwawo, osati la kuno.

Nkhani yanu ndi okuchitirani umboni

Mafomu ambiri amafunsa zinthu zofanana m'mawu osiyana: mwachitapo chiyani, n'chifukwa chiyani mukufuna kosi imeneyi, ndipo mukabwerera mudzatani. Chevening imakulembetsani nkhani zinayi, za utsogoleri, za kumanga ubale ndi anthu, za chifukwa chimene mwasankhira makosiwo, ndi za tsogolo la ntchito yanu. Ife tinaleredwa kuti munthu sadzitama, ndipo ndi khalidwe labwino, koma pa fomu limatipangitsa kulemba "tinachita" paliponse mpaka wowerenga osadziwa kuti inuyo munachita chiyani. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nenani vuto limene linalipo, chimene inuyo munachita, ndi chimene chinasintha. Ngati munathandiza gulu la banki m'khonde ku Mchengautuba kukonza mabuku ake mpaka mikangano ya pogawana inatha, imeneyo ndi nkhani ya utsogoleri. Ilembeni ndi manambala enieni, anthu angati, miyezi ingati, ndalama zingati, popanda kukokomeza.

Komanso musasandutse fomu kukhala maliro. Umphawi umene munakuliramo mukhoza kuutchula m'ziganizo ziwiri ngati ndi umene unabala funso lanu, koma sapereka ndalama chifukwa cha chisoni. Pa za kosi, tchulani ma module enieni a pa sukuluyo ndi mmene aliyense akukhudzira funso lanu. Pa za tsogolo, nenani malo enieni: Reserve Bank, imene ili ndi nthambi konkuno, Unduna wa Zachuma, National Planning Commission, khonsolo, kopaletivi ya khofi, kapena kuphunzitsa ku Mzuni. Ngati mukutchula Malawi 2063, imene inakhazikitsidwa mu Januwale 2021, sonyezani kuti munaiwerenga: nsanamira zake ndi ulimi wamalonda, mafakitale ndi kukula kwa mizinda, ndipo nenani imene ntchito yanu ikugwera. Nkhani zokopera kwa amene anapambana kale, kapena zolembetsa kwa wina, zimaonekera, ndipo pa intavyu mudzalephera kuziteteza. Lembani nokha, mupatse anthu awiri okhwima kuti aziwerenge, mmodzi wodziwa zachuma, wina wodziwa Chingelezi, kenako mulembenso.

Makalata a umboni amafunika awiri kapena atatu, kawirikawiri wa mphunzitsi ndi wa bwana wa kuntchito. Malekichara athu ali ndi ophunzira mazana, ndipo ngati munachoka zaka zinayi zapitazo mwina sakukukumbukirani. Apempheni kutatsala miyezi iwiri, mwaulemu, ndipo ngati ali pafupi monga ku Mzuni ku Luwinga pitani nokha mukaonekere. Apatseni CV, transcript, nkhani yanu ndi masiku otsekera pa pepala limodzi. Akumbutseni kosi imene anakuphunzitsani ndi chaka chake. Sankhani amene amayankha imelo, ngakhale si pulofesa, chifukwa kalata ya munthu wotchuka imene sinatumizidwe imagwetsa fomu yonse. Ndipo zotsatira zikadzatuluka, zabwino kapena zoipa, kawauzeni ndi kuwathokoza, mudzawafunanso.

Ndalama yofunira ndalama

Palibe amene amanena zimenezi poyera, koma kufunafuna sikolashipu kumadya ndalama: IELTS, SAQA, fizi yofunsira malo pa mayunivesite ena, pasipoti, kudinditsa, bandulo, basi ya ku Lilongwe ndi malo ogona. Zina zimalipiridwa m'ndalama zakunja, ndipo ndi kusowa kwa forex kumene kulipoku khadi la banki likhoza kukana pa tsiku limene mukulifuna. Yambani kusunga msanga, kaya ndi chipereganyu cha kuntchito, ndipo kafunseni ku banki yanu mmene mungalipirire kunja kusanafike pothina. Maulendo a ku Lilongwe muziwaphatikiza, tsiku la mayeso likhalenso la kukaona maofesi ena. Mayunivesite ena amachotsa fizi yofunsira malo kwa ochokera m'mayiko osauka, koma muyenera kupempha.

Chenjerani ndi anthu amene amati ndi ma agent, olonjeza malo mukatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Mafomu a Chevening, Commonwealth ndi ena onse ndatchulawa ndi aulere, ndipo palibe munthu wapakati amene angakulowetseni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndaona banja likugulitsa ng'ombe chifukwa cha kalata yabodza yokhala ndi chidindo chokongola, ndipo mwanayo mpaka lero amachita manyazi kupita kumudzi.

Chenjeraninso ndi sikolashipu ya theka. Yunivesite ikakuchotserani gawo la fizi, chotsalacho pamodzi ndi lendi ndi chakudya chikhoza kuposa malipiro anu a zaka zambiri, ndipo viza ya ku UK imafuna umboni woti ndalamazo zakhala mu akaunti masiku 28 otsatizana. Ganyu wa kumeneko sangalipire fizi. Ngati kusiyanako kulibe wokulipirirani wodalirika, pemphani yunivesiteyo ikusungireni malo mpaka chaka chamawa, ena amalola, ndipo kalata ya malo ili m'manja imalimbitsa fomu yanu yotsatira.

Intavyu ndi zotsatira

Mukaitanidwa ku intavyu, monga ya Chevening imene imachitikira ku British High Commission ku Lilongwe, nyamukani dzulo lake. Ngati ndi ya pa intaneti, pezani malo okhala ndi magetsi odalirika ndi ma SIM awiri. Werenganinso zimene munalemba, chifukwa mafunso amachokera momwemo. Monga munthu wa zachuma, dziwani mmene inflation ilili mwezi umenewo, policy rate ya Reserve Bank, ndi mfundo zikuluzikulu za bajeti yatsopano, ndipo mukhale ndi maganizo anuanu pa nkhani ngati ya feteleza wotsika mtengo, oti mukhoza kuwateteza modekha. Pemphani anzanu awiri akufunseni mafunso mokweza kangapo konse. Kuyankha mumtima n'kosiyana ndi kuyankha pakamwa.

Mwina adzakukanani ulendo woyamba. Ambiri amene ndikuwadziwa kuti anapita anapambana kachiwiri kapena kachitatu. Sungani zonse zimene munalemba, muone pamene panafooka, kaya masamu, kaya zaka za ntchito, kaya nkhani yosamveka, ndipo chaka chimenecho mukonze pamenepo.

Kalata yabwino ikafika, ntchito ina imayamba ndipo nthawi yake ndi yochepa. Werengani zimene akulipira ndi zimene sakulipira, makamaka ngati muli ndi banja, chifukwa masikolashipu ambiri a chaka chimodzi salipirira akazi, amuna kapena ana. Opita ku UK kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi ayenera kukayezetsa TB pa chipatala chokhacho chimene boma la UK linavomereza. South Africa imafuna kalata ya polisi ndi ya dokotala pa viza ya sukulu. Kuntchito pemphani tchuthi cha maphunziro polemba kalata, ndipo bondi muiwerenge musanasaine. Khalani pansi ndi apabanja, muwauze zoona kuti ndalama ya mwezi imene mudzalandire inawerengedwa kuti ikwanire munthu mmodzi m'dziko lodula, kuti asadzayembekeze za malata. Ndipo musungeko kangachepe ka mwezi woyamba, chifukwa ndalama yoyamba kawirikawiri imalowa mutatsegula akaunti ya kumeneko, pamene lendi, basi ndi jekete lochindikala kuposa la chisanu cha Juni cha kuno zimafunika tsiku lomwe mwatsika ndege.